Kupima Matenda a Chlamydia mwa Anyamata

Chlamydia ndi matenda opatsirana pogonana amene amayamba ndi kacirombo ka bakiteriya kochedwa Chlamydia trachomatis. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekezera kuti m'caka ca 2020 cokha, anthu pafupifupi 129 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 anatenga matendawa.

Cobvuta kwa anyamata n'cakuti ambiri samva kudwala konse. Mnyamata angapite kusukulu, kusewera mpira, osadziwa kuti ali ndi kacirombo kamene angapatsire mnzake. Zizindikiro zikaoneka, zimayamba pakapita sabata imodzi kapena masabata atatu: kuwawa pokodza, ndi timadzi toyera tocokera m'njira ya mkodzo, makamaka m'mawa. Timadziti timakhala tocepa kusiyana ndi mafinya a cinzonono, motero ambiri amatinyalanyaza. Matendawa akakhalitsa angatupitse macende.

Njira yodalirika yowapezera ndiyo kupima mkodzo ndi makina ofufuza majini a kaciromboko, ochedwa NAAT. Apa mpofunika kumvetsetsa, pakuti anyamata ambiri amaopa kuti adzalowetsedwa cinthu kumalisece. Iyayi. Mnyamata amapatsidwa kabotolo, n'kuikamo mkodzo woyambirira kutuluka, osati wapakati, atakhala ola limodzi kapena kuposerapo osakodza. Mkodzo woyambawo ndiwo umatsuka tizirombo m'njiramo. Wopimidwa masiku ocepa cabe atagonana angauzidwe kubweranso pakapita masabata awiri, cifukwa kaciromboko kamakhala kasanaculuke.

Makina otere sapezeka m'makiliniki ambiri kuno ku Zambia. Kumeneko anamwino amafunsa mafunso, kuona zizindikiro, ndipo wotuluka timadzi amapatsidwa mankhwala a cinzonono ndi a chlamydia pamodzi. Njirayi imathandiza wodwala tsiku lomwelo, koma siipeza amene alibe zizindikiro. N'cifukwa cake mnyamata amene wauzidwa kuti bwenzi lake lapezeka ndi matendawa ayenera kupita kucipatala ngakhale akumva bwino. Ndi nzeru kupimitsanso HIV ndi cindoko pa ulendo womwewo.

Matendawa amacira. Mankhwala ozolowereka ndi doxycycline, womwa kawiri patsiku kwa masiku 7, ndipo ayenera kumalizidwa onse. Osagonana kufikira onse awiri atatsiriza mankhwala, ndipo kumene kuli makina, kupimitsanso pakapita miyezi itatu, popeza munthu angawatengenso.

Cenjezo kwa makolo: ululu waukulu wa macende wobwera mwadzidzidzi usayesedwe matenda opatsirana, ndipo mwana asayambe kudzudzulidwa. Ukhoza kukhala kupotokola kwa mtsempha, kumene kumafuna opaleshoni pasanathe maola 6. Mthamangitseni kucipatala.

Makiliniki ambiri a boma ali ndi malo olandirira acinyamata mwacinsinsi. Ngati mwana wa zaka zosakwana 16 wapatsidwa matendawa ndi munthu wamkulu, umenewo ndi mlandu wofunika kukauneneza ku nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit.