Asilikali Akale a ku Angónia

Nkhondo ziwiri

Boma la Angónia lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumalire ndi Dedza ndi Ntcheu. Likulu lake ndi Ulónguè. Anthu a m'derali aona nkhondo ziwiri zikuluzikulu.

Yoyamba inali yomenyera ufulu kuchoka mu ulamuliro wa Apwitikizi. Gulu la Frelimo linaiyamba pa 25 Seputembala 1964 ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo mu 1968 inakula ku Tete. Anyamata ena analowa m'tchire ndi Frelimo. Ena anatengedwa mokakamiza kukamenyera Apwitikizi. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975.

Yachiwiri ndi ija imatchedwa nkhondo ya zaka 16, ya pakati pa boma ndi Renamo. Iyi ndiyo inapasula Angónia. Midzi yambiri inatsala mabwinja, eni ake atathawira ku Malawi, komwe othawa nkhondo anapitirira 1 miliyoni. Joaquim Chissano wa boma ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasaina pangano la mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Kutula mfuti

Mu 1994, bungwe la United Nations linayang'anira ntchito yotula zida. Asilikali pafupifupi 92,000 a mbali zonse ziwiri anabwerera kwawo. Aliyense anapatsidwa zovala wamba, mbewu, khasu ndi ulendo waulere wopita komwe wasankha. Analandiranso ndalama kwa miyezi 24: boma linalipira miyezi 6, mayiko othandiza miyezi 18.

Ndalamazo zitatha, chomwe chinatsala ndi munda. Angónia ili ndi nthaka yabwino ya chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, koma munthu woduka mwendo ndi bomba la pansi sangapange mizere yekha. Ntchitoyo inagwera mkazi wake ndi ana.

Thandizo la boma ndi mabungwe

Asilikali akale anapanga mabungwe awo. ACLLN ndi la omenyera ufulu, AMODEG ndi la otula zida pa nkhondo yachiwiri, ndipo ADEMIMO ndi la olumala pa nkhondo.

Mu 2011 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Estatuto do Combatente. Lamuloli limanena za penshoni, chithandizo cha kuchipatala, maphunziro a ana ndi thandizo la pamaliro. Msilikali akamwalira, wamasiye akhoza kupempha penshoni.

Vuto lili pa mapepala. Pamafunika chiphaso cha unzika ndi umboni woti munthuyo anali msilikali. Mapepala ambiri anapsera m'nyumba kapena anatayika pothawa. Mayi wa ku Dómuè amene anakwatiwa mwachikhalidwe amayenera kupeza mboni zotsimikiza ukwati wake, ndiponso ndalama ya ulendo wopita ku ofesi. Ena amatopa n'kusiya. Amene anamenyera Apwitikizi aja lamuloli siliwawerengera.

Thandizo la kumudzi

Thandizo lofika msanga limachokera pafupi. Msilikali akabwera kunkhondo, mabanja ambiri ankamusambitsa mankhwala kwa sing'anga asanalowe m'nyumba, kuti mizimu ya ophedwa isamutsatire. Ena ankamutengera kutchalitchi kukamupempherera. Miphakati ya Akatolika ndi magulu a amayi a mipingo ina amasonkha ufa, sopo ndi nkhuni, n'kukayendera odwala ndi amasiye.

Masiku okumbukira

Pa 3 Febuluwale ndi tsiku la ngwazi, lomwe Eduardo Mondlane, mtsogoleri wa Frelimo, anaphedwa mu 1969. Pa 7 Seputembala amakumbukira pangano la ku Lusaka la 1974, la pakati pa Frelimo ndi Apwitikizi. Pa 25 Seputembala ndi tsiku la asilikali, pa 4 Okutobala la mtendere. Pa masiku otere akuluakulu a boma amaika nkhata za maluwa pa bwalo la ngwazi, asilikali akale atavala nyota zawo.

Ambiri anafera kutali, manda awo osadziwika. Achibale awo amafulula mowa wa sadaka kapena kupereka Misa. Anthu amapitanso ku Chapotera, pafupi ndi mishoni ya Lifidzi, komwe ansembe João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira anaphedwa pa 30 Okutobala 1985.