Mmene Akhristu a M'makomboni a Lusaka Anaphunzirira Kupemphera Pabwalo la Nyumba

Pafupifupi banja lililonse kuno kumudzi lili ndi mwana, mlongo kapena mdzukulu amene anakwera basi kupita ku Lusaka. Timamupatsa nsinjiro ndi kaufa pang'ono, koma mumtima timadzifunsa ngati chikhulupiriro chake chikafike naye. Funso limeneli si la lero. Makolo athu amene anatsogola ulendo womwewo analimbana nalo, ndipo yankho limene anapeza likutikhudza tonse.

Lusaka inakhala likulu la dziko m'chaka cha 1935. Pa nthawi ya atsamunda munthu wakuda ankaloledwa kukhala m'tauni makamaka ngati ali pa ntchito, ndipo nyumba inkayendera limodzi ndi ntchitoyo. Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964, ziletso zija zinatha ndipo anthu anakhamukira mumzinda, ambiri ochokera kum'mawa. Pakati pa 1963 ndi 1969 chiwerengero cha anthu a mu Lusaka chinawirikiza kawiri. Nyumba za khonsolo monga za ku Matero sizinakwanire. Anthu anaumba okha zidina nkumanga ku Kanyama, ku Chawama, ku George ndi ku Kalingalinga, m'malo amene kale anali mafamu kapena mokumba miyala. Mtendere inatsegulidwa mu 1967 kuti anthu apatsidwe mapuloti omangapo okha.

Kumudzi munthu ankapemphera mosavutikira kukumbuka. Belu linkalira, mphunzitsi wa Mawu ankadziwa aliyense ndi dzina, ndipo ukajomba Lamulungu agogo ankakufunsa. Kukomboni zonsezi kunalibe. Mnansi wako ankayankhula chinenero china. Tchalitchi chinali chimodzi cha anthu zikwizikwi, ndipo wansembe kapena mbusa sakanatha kufika khomo lililonse. Munthu ankatha kulowa m'tchalitchi, kukhala kumbuyo, nkutuluka popanda womupatsa moni. Ena anayamba ndi kujomba kamodzi, kenaka mwezi wathunthu, mpaka Baibulo linakhala pansi pa sutikesi.

Mu Mpingo wa Katolika, msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unakumbutsa kuti mkhristu aliyense wobatizidwa ali ndi udindo mu mpingo ndipo ayenera kudziwerengera Mawu a Mulungu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, parishi ya St. Charles Lwanga ku Regiment mu Lusaka inayamba kugawa akhristu ake m'timagulu ta mabanja oyandikana. Ku Lilongwe nako Ambuye Patrick Kalilombe ankalimbikitsa ntchito yomweyi. Maepiskopi a chigawo chino cha Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anakambirana za nkhaniyi ku Nairobi mu 1973, ndipo mu 1976 anagwirizana kuti timagulu timeneti tikhale patsogolo pa ntchito zonse za mpingo. Ku Malawi amati miphakati, olankhula Chibemba amati ifitente.

Kodi m'timagulu timeneti ankachita chiyani? Tsiku limodzi pa sabata mabanja ankasonkhana pabwalo la nyumba ya mmodzi mwa iwo, ena pamphasa, ena patimipando. Sabata yotsatira ankapita kwa wina. Ambiri anatsata njira ya masitepe asanu ndi awiri imene inakonzedwa ku Lumko, ku South Africa. Poyamba amaitana Ambuye ndi pemphero. Kenaka wina amawerenga ndime ya m'Baibulo. Aliyense amatchula mawu ochepa amene amugwira mtima. Pambuyo pake onse amakhala chete kwa mphindi zingapo. Akatero amauzana zimene Mawu aja awauza, amagwirizana za ntchito imene agwire sabata imeneyo, ndipo amatseka ndi pemphero.

Taonani kuti m'njira imeneyi mulibe ulaliki. Mayi wogulitsa tomato pamsika, ngakhale asadziwe kuwerenga, amamva ndime ikuwerengedwa kawiri ndipo amatchula mawu ake. Chovuta kwa ambiri chinali kukhala chete, pakati pa phokoso la mawailesi ndi mashabini. Chovuta china chinali ntchito ija, chifukwa sabata yotsatira anzako ankafunsa ngati wodwala uja unakamuonadi. Mipingo ina inali ndi njira zake zofanana ndi izi. Amayi a Chigwirizano mu Reformed Church in Zambia, mpingo umene unayambira ku Magwero mu 1899, ankakumananso pakati pa sabata kuwerenga Mawu, kupemphera ndi kuyendera odwala ndi ofedwa.

Phindu la chizolowezi chimenechi linadzaoneka pa nthawi ya mavuto. Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, ntchito zinachepa ndipo ufa unakwera mtengo, mpaka mu Juni 1990 mu Lusaka munabuka zipolowe. Matenda a Edzi anafika pa nthawi yomweyo, zipatala zinadzaza, ndipo odwala ambiri anabwezedwa kunyumba. Ambiri mwa anthu odzipereka amene ankawasambitsa, kuwaphikira phala ndi kulera ana amasiye anachokera m'timagulu ta mapemphero. Sanayambe kuphunzira chifundo tsiku limenelo. Anali atazolowera kale kugogoda pakhomo la mnansi.

Zinaonekanso mu Januwale 2018, pamene kolera inavuta ku Kanyama ndipo boma linaletsa misonkhano m'madera okhudzidwa, ndiponso mu 2020 pamene matchalitchi anatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Banja limene linkadziwa kutsegula Baibulo palokha silinasowe chochita Lamulungu m'mawa.

Sitikunena kuti zonse zinayenda bwino. M'timagulu tambiri amuna ndi achinyamata amakhala ochepa, ndipo pena nthawi yonse imathera pa nkhani ya zopereka, Mawu nkuwerengedwa mothamanga. Chizolowezi chabwino chimafuna kupalirira ngati munda.

Abale ndi alongo, buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 2, limatiuza kuti akhristu oyamba ankasonkhana m'nyumba zawo kudzaphunzira, kudya pamodzi ndi kupemphera. Anthu a m'makomboni anabwerera ku njira imeneyi atasowa belu la kumudzi. Ife belu tikali nalo, koma mwana amene amapemphera pokhapokha belu likalira adzasiya tsiku limene adzafike kumene kulibe belu.

Tsono sabata ino sankhani tsiku limodzi. Mukatha kudya nsima yamadzulo, itanani ana ndi banja la pafupi. Werengani ndime yaifupi kawiri, khalani chete pang'ono, ndipo musabalalike musanagwirizane za munthu mmodzi amene mukamuone mawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwana wanu akadzakwera basi ya ku Lusaka, adzanyamula chimenechi pamodzi ndi nsinjiro zija. Ambuye akudalitseni.