Mbiri ya ntchito yolumikiza sitima ku Mangochi ndi ku Monkey Bay

Sitima zikuluzikulu zimene zayenda pa nyanja ya Malawi kuyambira mu 1875 sizinkafika kuno zili zathunthu. Mtsinje wa Shire, umene umatulutsa madzi a m'nyanjayi, uli ndi mathithi pakati pa Matope ndi Chikwawa, moti sitima yochokera ku nyanja yamchere siingathe kukwera mpaka ku Mangochi. Chifukwa cha ichi, sitima iliyonse inkamangidwa kawiri: koyamba m'fakitale ku Ulaya, kachiwiri m'mbali mwa Shire kapena pagombe la kummwera kwa nyanja. Gawo lachiwirili ndilo linadzetsa ntchito ya umisiri wa zitsulo m'boma la Mangochi.

Ntchitoyi inali ndi ndondomeko yosadumphika. Ku fakitale amisiri ankadula ndi kupinda malata, n'kumanga sitima yonse ndi mabawuti okha kuti aone ngati zibowo zikugwirizana. Akakhutira, ankalemba nambala pa chidutswa chilichonse, n'kuiphwasula ndi kuilongedza. Kukula kwa zidutswa kunkatengera mphamvu za munthu, poti pamathithi katundu yense ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, ndipo mtolo wa munthu mmodzi unkalemera makilogalamu pafupifupi 25. Polumikiza ankayamba kuyala msana wa sitima, kenako nthiti, kenako malata a m'mbali. M'malo mwa mabawuti ankakhoma misomali yachitsulo yootcha: wina ankaiwotcha mpaka ifiire, wina n'kuilowetsa pachibowo ndi kuitsamira kumbuyo, ena n'kumaimenya ndi nyundo isanazizire. Msomali ukazizira unkakoka malata awiriwo mwamphamvu moti madzi sankadutsa.

Sitima yoyamba kudzera m'njira imeneyi inali Ilala, ya mishoni ya Livingstonia. Inamangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Poplar mumzinda wa London, ndipo dzina lake linachokera ku dera limene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Gulu lotsogozedwa ndi E. D. Young, momwe munalinso Robert Laws, linailumikiza pamathiriro a Zambezi, n'kuyenda nayo mpaka kumunsi kwa mathithi. Kumeneko inaphwasulidwanso, ndipo anthu mazanamazana anaisenza kukafika kumtunda kwa mathithiwo, kumene inalumikizidwanso. Inadutsa pamudzi wa mfumu Mponda n'kulowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, ulendo wa ku Cape Maclear.

Boma la atsamunda litakhazikitsa Fort Johnston mu 1891, dera limene lero ndi tauni ya Mangochi linasanduka doko lalikulu la nyanja. Kunali malo olumikizira ndi kukonzera sitima za boma, za mishoni ndi za kampani ya African Lakes, yodziwika ndi dzina loti Mandala. Sitima yankhondo ya Guendolen, imene inayamba ntchito mu 1899, inalumikizidwa kumeneku. Ndi sitimayi imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Mfuti ya Guendolen ili pafupi ndi nsanja ya wotchi m'tauni ya Mangochi.

Kufunika kwa manambala a pazidutswa kunaonekera poyera pa sitima ya Chauncy Maples. Mishoni ya UMCA inaitanitsa sitimayi pokumbukira bishopu wa dzina lomweli amene anamira m'nyanja mu 1895. Inamangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan, yomwe fakitale yake sinali m'mbali mwa madzi ndipo inkadziwika ndi sitima zotumizidwa zili zophwasula. Zidutswa zake zinalipo 3,481. Boyila yokha, yolemera matani 11, sinkatheka kuigawa, ndiye inakwezedwa pangolo yamagudumu achitsulo n'kukokedwa ndi amuna Achingoni 450 kulambalala mathithi. Vuto lalikulu linadziwika katundu atafika kwa Mponda. Manambala anadindidwa zitsulo zisanaviikidwe mu zinki yoteteza dzimbiri, ndipo zinkiyo inawakwirira. Amisiri anayamba kuyerekeza chidutswa ndi chidutswa, kufunafuna pamene zibowo zikugwirizana. Ntchitoyi inatenga zaka ziwiri, ndipo sitimayo inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901. Kulakwitsa kotsogoza gawo limodzi la ntchito ku Scotland kunalipiridwa ndi thukuta la anthu a kuno.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a m'nyanja anatsika, Shire n'kudzala mchenga ndi udzu, ndipo doko la Fort Johnston linayamba kuchepa mphamvu. Mu 1935 mlatho wa njanji pa Zambezi unatha kumangidwa ndipo njanji inafika ku Chipoka ndi ku Salima. Kuyambira apo zidutswa zolemera zinkachokera ku Beira pa sitima yapamtunda, ndipo ntchito ya amtengatenga inatha. Monkey Bay, kumene madzi ndi akuya komanso mapiri amatchinga mphepo ya mwera, ndiko kunakhala likulu la sitima pansi pa kampani ya Nyasaland Railways.

Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja ndipo anthu 145 anafa. Patapita zaka zitatu, mu 1949, kampani ya Yarrow inamanga Ilala yachiwiri ku Scotstoun, pafupi ndi Glasgow. Inabwera m'mabokosi kudzera ku Beira ndi ku Chipoka, inalumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba kunyamula anthu mu 1951. Ndi yaitali mamita pafupifupi 52. Sitima zobwera pambuyo pake, monga Mtendere ya mu 1980, zinatsata njira yomweyo, kungoti kuwotcherera kunalowa m'malo mwa misomali yootcha.

Kapangidwe kotere n'kosiyana ndi ka mafakitale a galimoto. Henry Ford atayambitsa mzere woyenda ku Highland Park mu 1913, galimoto ndiyo inkasuntha, wantchito aliyense ataima pamalo ake ndi ntchito yake imodzi. Pa sitima, chomangidwacho chimakhala pamodzi, magulu a amisiri n'kumasinthana. Chomwe njira ziwirizi zimafanana ndi kudalira zojambula, miyeso yokhazikika ndi kutsatana kwa ntchito.  

Pagombe la Mangochi maganizo otere amaonekera kwambiri pa maboti a asodzi. Bwato losema limatuluka mu mtengo umodzi, ndipo kukula kwake kumatengera thunthu limene mmisiri wapeza. Boti lamatabwa limamangidwa potsata miyeso, kotero mmisiri angathe kupanga maboti ambiri a mtundu umodzi, n'kungosintha kutalika kapena malo oika injini malinga ndi ntchito yake, kaya ndi yokoka chilimira kapena yonyamula anthu. Ku Mpwepwe, kumene kuli sukulu ya Malawi College of Fisheries, kuli malo opangira maboti otere, ndipo luso lake lafalikira kwa amisiri a m'magombe ambiri pamene mitengo ikuluikulu yosemera mabwato ikusowa.

Ntchito ya sitima inachoka m'manja mwa Malawi Railways, yomwe kale inali Nyasaland Railways, n'kupita ku Malawi Lake Services, ndipo mu 2010 boma linaipereka kwa kampani ya Mota-Engil. Eni ake asintha, koma luso lalikulu la ku Monkey Bay likadali lolumikiza ndi kukonza: kukweza sitima padoko loyandama, kupala dzimbiri, kusintha malata ofooka ndi kuika injini zatsopano. Chifukwa cha luso limeneli, Ilala yanyamula anthu ndi katundu kwa zaka zoposa 70.