Nyumba ya a Savoye ndi mvula ya ku Poissy

Ku Poissy, kumadzulo kwa mzinda wa Paris, kuli nyumba yoyera mbee yoima pa mizati yowonda ya konkire. Dzina lake ndi Villa Savoye. Mapulani ake analemba akatswiri a zomangamanga, Le Corbusier ndi m'bale wake Pierre Jeanneret, mu 1928, ndipo pofika 1931 inali itatha. Mwini wake, a Pierre Savoye, anali mkulu wa za inshuwalansi amene ankafuna pokapumula ndi banja lawo kunja kwa mzinda.

Kale khoma ndilo linkasenza denga, choncho linkayenera kukhala lochindikala, mazenera ang'onoang'ono. Konkire wokhala ndi zitsulo m'kati anamasula khomalo. Katundu yense anasenzedwa ndi mizati, khoma n'kutsala ndi ntchito yotchinga mphepo basi. N'chifukwa chake zenera la nyumbayi limangotambalala kuchokera kungodya ina kukafika kuinzake. Pansi anakhotetsa khoma lagalasi molingana ndi mmene galimoto imakhotera, kuti dalaivala atsitse abwana pakhomo n'kupitirira mpaka m'galaja osabwerera m'mbuyo. M'kati muli njira yotsetsereka yokwera nayo mpaka padenga lathyathyathya. Nzeru ya mizati ija ndimaigomera, ndipo ndikaona amisiri athu akuthira mizati ndi silabu asanayale njerwa ngakhale imodzi, ndimadziwa kuti inafika patali.

Koma mtima wanga uli kwa mayi Eugénie Savoye, akazi awo a Pierre Savoye. Dengalo linkadontha. Mvula ikagwa madzi ankalowa polowera alendo ndi panjira yotsetsereka ija, khoma la galaja linkanyowa, ndipo m'bafa madzi ankadzera pazenera la padenga. M'nyengo yozizira nyumbayo inkavuta kufunditsa chifukwa cha kukula kwa magalasi. Mwana wawo Roger anadwala chifuwa. Mayiwa analembera Le Corbusier makalata odandaula mpaka kuopseza zopita kukhoti, ndipo ine sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono, chifukwa ndi iwo ankakolopa madziwo pamene anthu ankatama zithunzi za nyumbayo m'magazini.

Banjalo linachokamo mu 1940 nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itavuta. Munalowa asilikali a ku Germany, kenako a ku America, ndipo anaisiya itawonongeka kwambiri. Pambuyo pake munkasungidwa udzu wa ziweto. Mu 1958 akuluakulu a tauni ya Poissy anatenga malowo kuti amangepo sukulu, ndipo nyumbayo ikanagwetsedwa pakanapanda akatswiri a zomangamanga a m'maiko ambiri kuchita phokoso. Boma la France linaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa mu 1965, bungwe la UNESCO n'kutsatira mu 2016. Lero anthu amalipira pakhomo kuti akaione, koma chichokere a Savoye palibe banja lina linakhalamo.