Ombwe: chitsamba chobwezeretsa chonde m'nthaka

Ombwe, womwe ena amautcha mthuthu kapena katupe, ndi chitsamba chachilengedwe cha mu Africa chomwe akatswiri amachitcha Tephrosia vogelii. Chili m'banja limodzi ndi nandolo, soya, mtedza komanso msipu wa ziweto wa lucerne. Chimatalika mpaka mamita atatu ndipo maluwa ake amakhala oyera kapena ofiirira.

Ku mizu ya ombwe kumakhala timatuza momwe mumakhala tizilombo ta rhizobia. Tizilomboti timatenga nayitirojeni mu mpweya ndi kumusandutsa chakudya cha mbewu. Nayitirojeni ndi mchere womwe alimi amaufuna akamagula feteleza wa Urea, choncho chitsambachi n'chofunika m'boma la Mchinji, komwe chimanga chimalimidwa chaka ndi chaka m'minda yomweyomweyo.

M'zaka za m'ma 1990, bungwe la ICRAF lidayesa ombwe pa malo a kafukufuku a Msekera ku Chipata, kutsidya kwa malire a Mwami, komanso ku Makoka m'boma la Zomba. Mlimi amaubzala pakati pa mizere ya chimanga, kuusiya m'munda akakolola, kenako kuudula mvula isanayambe. Masamba amakwiriridwa m'mizere pomwe timitengo timakhala nkhuni.

Alimi amasinjanso masamba ake pothana ndi nsabwe za m'mbewu, anankafumbwe ndi nkhupakupa. Komabe m'chaka cha 2012, akatswiri a ku Kew ndi ku University of Greenwich m'dziko la Britain adalengeza kuti ku Malawi kuli mitundu iwiri ya ombwe yooneka mofanana. Mtundu umodzi uli ndi mankhwala opha tizilombo, pomwe winawo, womwe udapezeka m'gawo limodzi mwa magawo anayi a zomera zomwe adayeza, ulibe. Yonse imaonjezera chonde, koma ogawa mbewu kwa alimi ayenera kudziwa mtundu womwe akugawa, kuopa kuti mlimi angataye zokolola podalira masamba opanda mphamvu.

Ombwe amasunganso tinyongolotsi totupitsa mizu, choncho sayenera kubzalidwa m'munda momwe mudzalowe fodya, mbewu yomwe alimi ambiri a ku Mchinji amadalira. Kuthira masamba ake m'mitsinje monga Bua ndi Rusa kumapha nsomba zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo lamulo loteteza nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni.