Mbiri ya Nkhokwe Zaulere za Mabuku pa Intaneti

Amene akufuna kulemba nkhani yaifupi kapena ndakatulo yogwira mtima ayenera kukhala atawerenga zolemba za anzake, ndipo pafupi naye pakhale mtanthauziramawu woti aonemo akakayikira liwu. Vuto la ophunzira ambiri kuno kwathu lakhala lomweli kuyambira kale: buku ndi lodula, ndipo laibulale ya pasukulu, ngati ilipo, imakhala ndi mabuku ochepa, ena othothoka masamba. Masiku ano pa intaneti pali nkhokwe za mabuku zimene munthu angawerenge osalipira. M'chimangirizo chino tiona m'mene nkhokwezi zidayambira ndiponso chifukwa chimene Chichewa chikupezekeramo pang'ono chabe.

Nkhaniyi idayambira ku America. Pa 4 Julaye 1971 mnyamata wina dzina lake Michael Hart, yemwe ankaphunzira pa yunivesite ya Illinois, adaloledwa kugwiritsa ntchito kompyuta yaikulu ya pasukulupo. Nthawi imeneyo intaneti imene tikuidziwayi kudalibe. Padali makompyuta owerengeka okha olumikizana. Hart adatayipa chikalata chimene dziko lake lidalengezera ufulu wodzilamulira mu 1776, nauza anzake kuti wofuna aliyense atenge. Ntchitoyi adaitcha Project Gutenberg pokumbukira Johannes Gutenberg wa ku Germany, amene cha m'ma 1450 adayambitsa ku Ulaya kusindikiza mabuku ndi zilembo zachitsulo.

Ntchitoyi idayenda mwakamba kwa zaka zambiri chifukwa buku lililonse linkatayipidwa pamanja, liwu ndi liwu. Buku lachikhumi, lomwe lidali Baibulo la Chingerezi la King James, lidalowa m'nkhokweyi mu 1989, patatha zaka 18. Koma mu 1994 mabuku adakwana 100, mu 1997 adakwana 1,000, ndipo mu 2003 adafika 10,000. Chidasintha nchiyani? Choyamba, kudabwera makina ojambula tsamba ndi kuwerenga zilembo zake. Chachiwiri, chimenenso chili chachikulu, kudabwera anthu ongodzipereka. Makina aja amalakwitsa: kadontho ka inki amakayesa chilembo, mawu awiri nkuwaphatikiza. Choncho m'chaka cha 2000 Charles Franks adayambitsa gulu la Distributed Proofreaders, m'mene munthu amatenga tsamba limodzi lokha, nkuliyerekeza ndi chithunzi cha bukulo, nkukonza zolakwika, wina nkudzabwerezanso. Hart adamwalira mu 2011, koma nkhokwe yake tsopano ili ndi mabuku oposa 70,000. Zisudzo zonse za William Shakespeare zilimo.

Wophunzira wakhama akalowa m'nkhokweyi adzaona msanga kuti mabuku ake ndi akalekale, ndipo ambiri ndi a Chingerezi. Chifukwa cha ukalewo ndi lamulo loteteza umwini wa zolemba. Ku America buku lakale limamasuka pakatha zaka 95 chilisindikizireni. Kuno ku Malawi lamulo la mu 2016 limateteza zolemba pa moyo wonse wa mlembi ndi zaka zina 50 iye atamwalira, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira zimenezi. Nchifukwa chake mabuku a alembi monga Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba sangaikidwe pa intaneti popanda chilolezo cha eniake. Mukalandira pa foni buku lotere lojambulidwa masamba, dziwani kuti mlembi wake sadapatepo ngakhale tambala.

Komabe Chinyanja chakale chilipo, m'nkhokwe ina. Mu 1996 Brewster Kahle adakhazikitsa Internet Archive mu mzinda wa San Francisco. Poyamba bungweli linkasunga masamba a pa intaneti, kenako lidayamba kujambula mabuku a m'malaibulale akuluakulu. Popeza limaika chithunzi cha tsamba m'mene lilili, silidikira munthu wodziwa chiyankhulocho kuti atayipe. Mwa njira imeneyi mabuku akale a amishoni, amene kale munthu akadayenera kukwera ndege kuti akawaone, adayamba kupezeka kwa aliyense.

Mabuku awiri otere ndi ofunika kuwadziwa. Loyamba ndi mtanthauziramawu wa Johannes Rebmann, mmishoni wa ku Germany amene ankagwira ntchito kufupi ndi Mombasa ku Kenya. Iye sadapondeko m'dziko lino. Mawu onse adawatola kwa Salimini, munthu wa kuno kwathu amene adagwidwa ukapolo nkukagulitsidwa kugombe la nyanja yamchere. Bukulo lidatuluka mu 1877, Rebmann atamwalira kale, ndipo chiyankhulocho adachitcha Kiniassa. Pachikuto pali dzina la mzungu, koma Chichewa chili m'katimo ndi cha Salimini. Lachiwiri ndi mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott, m'busa wa mishoni ya Blantyre yemwenso adatsogolera ntchito yomanga tchalitchi cha St Michael and All Angels. Bukuli lidatuluka mu 1892. Scott sadangomasulira mawu, adafotokozanso miyambo, zida ndi ntchito za anthu a nthawi imeneyo. Kwa ine, mlembi wofuna kulemba nkhani yochitika m'mudzi wa makolo athu alibe chida china chaulere choposa chimenechi. Angochenjera ndi zinthu ziwiri: kalembedwe ka mawu nkosiyana ndi malamulo amene timatsata pamayeso, ndipo miyambo yathu akuiona ndi maso a mlendo.

Nanga zolemba zatsopano? Apa padathandiza bungwe la Creative Commons, limene Lawrence Lessig ndi anzake adayambitsa mu 2001. Mu Disembala 2002 lidatulutsa zilolezo zimene mlembi wamoyo angaike pa ntchito yake, kulola ena kuikopera ngakhalenso kuimasulira, malinga atchule mwiniwake. Bungwe la Saide la ku South Africa lidagwiritsa ntchito zilolezozi potsegula African Storybook mu 2014. Mmenemo muli timabuku ta ana ta zithunzi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa, ndipo aliyense angathe kumasulira kabuku kapena kulemba kake. Musanyoze kuti nza ana. Kulemba nkhani ya masamba khumi, yokhala ndi mpangankhani wooneka bwino, kusamvana ndi mathero, ndi kuyeserera kwabwino kwa wofuna kudzalemba nkhani yaifupi.

Mu Disembala chaka chomwecho cha 2014, Google Translate idawonjezera Chichewa pa ziyankhulo zake. Chidachi chimathandiza pofuna kumva tanthauzo la ndime ya Chingerezi, koma pa zining'a ndi miyambi chimapunthwa. Makina otere amaphunzira kuchokera ku zolemba zimene anthu adaika kale pa intaneti, ndipo za Chichewa nzochepa. Tikati wina wamutsina khutu mnzake, ife timamva kuti wamuchenjeza mwamseri. Makina angathe kungoona zala ndi khutu. Tsiku lina wophunzira wanga adandipatsa nkhani yomasuliridwa mwa njira imeneyi. Mayina adawasintha kukhala achichewa, koma agogo a m'nkhanimo ankayankhula ndi mpongozi wawo ngati anzawo a mpira, opanda ulemu uliwonse. Sindidafunikire kufunsa kumene adaitenga.

Samuel Josia Nthara, mlembi wa Nthondo, buku limene lidapambana pampikisano wa zolemba za m'ziyankhulo za mu Africa ndi kusindikizidwa mu 1933, adamwalira mu 1976. Werengerani nokha zaka 50 zija. Koma lamulo likamasula buku, makina sangalikonze okha: pafunika wodziwa Chichewa akhale pansi ndi tsamba limodzi, aliyerekeze ndi chithunzi chake, wina adzabwereze, monga adachitira anzake a Charles Franks ndi mabuku a Chingerezi.