KODI BWANA ANGAKUYEZETSE HIV IWE OSAVOMERA? MBIRI YA KU MAKWASA NDI THYOLO

Lero ndalemba zazitali, ndiye amene muli pa ntchito sungani kaye, muwerenge madzulo mutakhala pansi. Funso labwera kawiri sabata ino kuchokera kwa abale athu a ku Makwasa. Mvula yayandikira, ma esiteti ayamba kulemba anthu othyola tiyi, ndiye ena akufunsa kuti: akakutuma kukiliniki kuti akakuone thupi, angakuyezenso HIV iwe osadziwa? Nanga ukakana, ntchito yathera pomwepo?

Ine ntchito yanga ndi ma injini a maboti kuno ku Mangochi, bambo anga ndi msodzi, koma mayi anga kwawo ndi ku Makwasa konko, ndipo abale anga angapo amadya za tiyi. Ndiye nkhaniyi ndi yathu. Yankho lalifupi ndi ili: lamulo la dziko lino limaletsa kuyeza munthu HIV mokakamiza, komanso limaletsa wolemba ntchito kufuna kuti uyezedwe kaye asanakulembe. Koma lamulo limeneli silinagwe kumwamba ayi. Lili ndi mbiri, ndipo mbali ina ya mbiriyo inachitikira ku Thyolo kwenikweniko.

Tiyambe ndi malo. Ku Makwasa kuli zinthu ziwiri zimene aliyense amazidziwa, minda ya tiyi ndi chipatala cha Malamulo. Mishoni ya Malamulo inakhala m'manja mwa mpingo wa Seventh-day Adventist mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 kunali kale ntchito yosamalira odwala khate. Choncho anthu a kumeneko anadziwa kalekale kuti pali matenda ena amene amapweteka kawiri, m'thupi komanso pakamwa pa anthu. Mbali ya ma esiteti nayo inali ndi thangata, pomwe munthu ankagwira ntchito kwa mwini malo kuti aloledwe kukhala pamalopo, mpaka pamene dongosololi linathetsedwa mu 1962. Agogo athu anakula akudziwa kuti kapitawo akalankhula suyankha. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa munthu amene anazolowera kuti wamkulu satsutsidwa amavomera msanga, ngakhale mtima usanavomere.

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika mu 1985, nthawi ya Kamuzu, pamene nkhani zogonana sizinkakambidwa pagulu. Anthu ankangoti kaliwondewonde, ena nkumati matenda a boma. Magazi ankapita ku labu, zotsatira nkudzabwera patapita masiku, ndipo ambiri sankabwerera kukazimva. Nanga ukamva utani, popeza mankhwala kunalibe? Akuluakulu amene anadwazikapo nthawi imeneyo amanena kuti nthawi zina wodwazika ndi amene ankaitanidwa pambali kukauzidwa, mwini matenda ali gone osadziwa kanthu. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la MACRO linatsegula malo oti munthu apite yekha, alandire uphungu, kenako ayezedwe. Koma malo otere anali m'mizinda. Wothyola tiyi wa ku Makwasa sakanataya tsiku la malipiro ndi ndalama ya basi kuti akamve nkhani yopanda chithandizo.

Zinthu zinayamba kusintha pamene bungwe la madokotala la MSF linafika m'boma la Thyolo mu 1997 nkumagwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo. Mu 1999 odwala chifuwa chachikulu ku Thyolo anayamba kufunsidwa ngati angalole kuyezedwa HIV atalandira uphungu, ndipo opezeka nako ankapatsidwa bakitilimu. Imfa pakati pa odwala TB zinachepa. Apa ndi pamene kuyezetsa kunayamba kukhala ndi phindu looneka: ukadziwa, pali chimene ulandire. Mu 2003 ma ARV anayamba kuperekedwa ku Thyolo, mu 2004 boma linayamba kuwapereka mwaulere m'dziko lonse. Chaka chomwecho cha 2004, mu February, Pulezidenti Bakili Muluzi pokhazikitsa ndondomeko ya dziko yolimbana ndi Edzi ananena poyera kuti m'bale wake anamwalira ndi matendawa. Kwa anthu wamba inali nkhani yaikulu kumva mtsogoleri akutchula zimenezo ndi pakamwa pake.

Koma phunziro limene ine ndimaliona lalikulu linachokera ku sikelo. Kuyambira mu 2002, pa chipatala cha boma cha Thyolo amayi oyembekezera ankauzidwa za HIV ndi kupatsidwa mwayi woyezedwa kuti mwana atetezedwe. Pafupifupi onse anavomera. Ukangoona chiwerengero chimenecho ungaombe m'manja. Koma ofufuza atawatsatira amayi amene anapezeka ndi kachilombo, anapeza kuti ambiri sanapitirize kubwera, ndipo pofika miyezi 6 mwana atabadwa otsala mu ndondomekoyo anali ochepa kwambiri. Zifukwa zake timazidziwa tonse: mtunda wautali, ndalama yoyendera, ndi mantha oti bambo akunyumba akamva banja litha. Ndiye taonani, "inde" wa pa benchi la chipatala ndi wosavuta kumupeza. Chovuta ndi chakuti munthu amvetse chimene wavomera, akhale ndi womuthandiza kusenza nkhaniyo akafika kunyumba. Ntchito ya uphungu ndi imeneyo. Nchifukwa chake ku Thyolo anayamba kufikitsa chithandizo m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, nkuphunzitsa alangizi a zaumoyo ndi aphungu wamba kuti aziyeza ndi kulangiza, m'malo modikira dokotala mmodzi wa pa boma.

Mu July 2006 dziko lino linachita sabata yoyamba yoyezetsa magazi, mahema ali m'misika ndi m'masukulu. Mu 2007 bungwe la WHO linatulutsa malangizo oti azachipatala ndi amene aziyamba kufunsa wodwala ngati angayezedwe, osadikira kuti wodwala apemphe yekha, koma ufulu wokana ukhalepobe. Mu July 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kuyambitsa njira yotchedwa Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV moyo wake wonse. Ana ambiri amene lero ali ku sekondale anabadwa opanda kachilombo chifukwa cha zimenezi, ndipo palibe angatsutse ubwino wake. Komabe kuyeza kutachuluka chonchi, funso lina linadzuka. Ofufuza amene anacheza ndi amayi a m'midzi ya ku Malawi anapeza kuti ambiri ankaganiza kuti kuyezetsa ku sikelo ndi lamulo, kuti ukakana sakuthandiza. Papepala ufulu wokana unalipo, koma pamzere wa amayi ochuluka ndi namwino mmodzi wotopa, ndani akanakweza dzanja?

Kenako kunachitika za ku Mwanza. Mu 2009 apolisi anagwira amayi 11 powaganizira kuti ndi oyendayenda, nkuwatengera ku chipatala cha boma kukawayeza HIV popanda chilolezo chawo. Zotsatira zinawerengedwa poyera m'khothi la majisitireti, ndipo ena mwa iwo anamva koyamba za mthupi mwawo pamaso pa gulu. Amayiwa sanangokhala chete. Anakasuma ku bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre, ndipo mu May 2015 Jaji Dorothy Kamanga anagamula kuti zimene zinachitikazo zinaphwanya ufulu wawo wa m'malamulo aakulu a dziko: ufulu wa chinsinsi, ulemu wa umunthu, ndi kusachitiridwa zonyazitsa. Abale anga, anthu amene ambiri amawanyoza pa msika ndi amene anatitsegulira njira tonsefe. Wothyola tiyi ndi mlovi wa pa nyanja akuteteza thupi lake lero ndi chigamulo chimene amayi amenewa anachimenyera zaka 6.

Ngakhale zinali choncho, bilu ya HIV imene inapita ku Nyumba ya Malamulo mu 2017 inali ndi ndime zofuna kuti magulu ena aziyezedwa mokakamiza, monga amayi oyembekezera, ofuna kulowa usilikali ndi upolisi, komanso antchito a m'nyumba. Inalinso ndi ndime zolanga munthu chifukwa chopatsira mnzake kachilombo. Amayi amene ali ndi HIV ndi mabungwe awo anakana, anapita kukakumana ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo nkuwafotokozera kuti mayi ndi amene amayamba kudziwika ku sikelo, ndiye ndi amene azimangidwa ndi kuthamangitsidwa pabanja. Pa 28 November 2017 biluyo inadutsa ndime zimenezo zitachotsedwa, ndipo mu 2018 inakhala lamulo lotchedwa HIV and AIDS Prevention and Management Act. Tangoganizani, mtsikana wa ku Makwasa wopita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe akanamayezedwa kaye bwana asanamulole kugwira mbale.

Ndiye lero malamulo akuti chiyani? Ndifotokoza momwe zimayendera ukalowa m'chipinda.

Asanakubaye chala, akuyenera kukuuza kuti akufuna kuyeza HIV, chifukwa chake, ndi tanthauzo la zotsatira. Ngati anatenga magazi kuti aone malungo, chilolezo chimenecho ndi cha malungo basi. Kuvomera ndi pakamwa nkokwanira, koma kukhale kwako, ndipo ukakana akuyenera kukuthandizabe pa vuto limene wabwerera. Ine munthu akandibweretsera injini kuti ndione pulagi, sindimasula giyabokosi osamufunsa, ndipo chimene ndapeza ndimauza mwini boti, sindilengeza pagombe. Thupi la munthu ndi loposa injini kutalitali.

Wachinyamata wa zaka 13 kupita mtsogolo angathe kuyezetsa yekha popanda chilolezo cha makolo. Wochepera apo, kholo kapena womuyang'anira ndi amene amavomera.

Zotsatira ndi zako. Kapitawo, bwana wa esiteti, mwini boti, abusa, apongozi, onsewa alibe gawo pokhapokha iwe utalola. Pamene lamulo linasiya mpata ndi pa mkazi wako, mwamuna wako kapena amene umagona naye: wachipatala angathe kumudziwitsa, koma atayamba wakulangiza iwe, wakupatsa nthawi yoti unene wekha, nkuona kuti mnzakoyo ali pangozi. Masiku ano amafunsanso opezeka ndi kachilombo kuti atchule okondedwa awo kuti nawonso akayezedwe. Zimenezi ndi zongofuna wekha, ndipo ngati ukuopa nkhanza kunyumba, nena pomwepo.

Uphungu umabweranso zotsatira zitatuluka. Chida chimodzi chikaonetsa kuti kachilombo kalipo, amayezanso ndi zida za mitundu ina asanatsimikize. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka nako amayamba ma ARV osadikira kuti chitetezo chitsike. Ukapezeka ulibe, akuuze nthawi yobwereranso ngati wachita zoopsa posachedwa, chifukwa kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga. Ngati ngozi yachitika dzulo kapena dzana, funsa mankhwala a PEP maola 72 asanadutse. Zida zodziyeza wekha zija zopaka m'kamwa, zimene zinayesedwa koyambirira ku Blantyre ndipo zafika ngakhale kwa asodzi kuno ku Mangochi, nazo zili ndi malamulo omwewa. Palibe woyenera kukugwira dzanja kuti udziyeze iye akuonerera, ndipo zikaonetsa mizere iwiri upite kuchipatala akatsimikize.

Tsopano za ntchito, pamene funso linayambira. Kuona ngati thupi lili ndi mphamvu zogwirira ntchito nkololedwa. Kufuna zotsatira za HIV kuti ulembedwe, kapena kukuchotsa chifukwa uli ndi kachilombo, nkoletsedwa. Ndikudziwa kuti wa kontirakiti ya miyezi yochepa amaopa kufunsa, poti chaka chamawa dzina lake likhoza kungosowa pa mndandanda popanda womuuza chifukwa. Mantha amenewo ndi enieni, ndipo lamulo palokha silingawachotse. Koma funso laulemu silikuchotsetsa ntchito: "Pepani adokotala, magaziwa mukuyeza chiyani, ndipo zotsatira aona ndani?" Wachipatala wodziwa ntchito yake amayankha mosavuta. Zikavuta, lembani tsiku ndi zimene zinanenedwa, pitani kwa a yuniyoni ya ogwira ntchito m'minda, ku ofesi ya zantchito pa boma la Thyolo, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Milandu ya kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo imapita ku Industrial Relations Court. Ngati kiliniki ya pa esiteti ikukuchititsani manyazi poti mlonda ndi kalaliki amakudziwani, palibe chokuletsani kukayezetsa ku Malamulo, ku Thekerani kapena pa boma. Ifenso a kunyanja ndi chimodzimodzi: mwini chilimira alibe mphamvu yofunsa mlovi kabuku kake ka kuchipatala.

Wina asandimve molakwa nkumati mwana wa msodzi uja akuti tisamayezetse. Ayi ndithu. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 9 pa 100 aliwonse ali ndi HIV, ndipo amene amatsalira kwambiri osadziwa za mthupi mwawo ndi ife amuna, makamaka achinyamata. Timafika kuchipatala atatinyamula. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi sapatsira mnzake pogonana, amathyola tiyi, amakoka khoka, amalera ana ake. Ufulu wokana anautetezera kuti anthu asamathawe chipatala, azilowa okha podziwa kuti nkhani yawo sikafika ku ofesi ya bwana. Zimene zinaoneka ku sikelo ya ku Thyolo zija zikugwirabe ntchito: amene wamvetsa ndi amene amabwereranso kudzatenga mankhwala.

Choncho musanayambe sizoni, pitani mukayezetse mwa kufuna kwanu, funsani mafunso onse amene muli nawo, ndipo mukatuluka mudziwe tsiku lobwerera. Amene muli ndi abale ku Makwasa, ku Bvumbwe, ku Luchenza ndi ku Mulanje, atumizireni uthengawu, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwawerengere.